Ng'ombe Zinaphedwa Apolisi Asanafike

Foni inandipeza ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Anali mlamu wanga, ndipo mawu sankatuluka bwino: achimwene agundidwa ndi thiraki pamsewu waukulu, akupita ku Mponela ndi ngolo ya chimanga. Ana ndinawasiya choncho, ndinakwera kabaza osafunsa n'komwe mtengo.

Nditafika ndinaganiza kuti wakabaza wandisocheretsa. Pamsewu panalibe ngolo, panalibe ng'ombe, ngakhale njere imodzi ya chimanga. Anali atasesa. Thiraki yokha ndiyo inaima chapatsogolo, dalaivala atakhala pamthunzi akuyankhula pafoni. Achimwene anali atawathamangitsira kale kuchipatala ku Madisi. Kuseri kwa magolosale, anthu anali atazungulira mtengo, ndipo pamtengopo panapachikidwa nyama. Ng'ombe zathu zimenezo.

Kwathu ng'ombe ikathyoka sitiyembekeza kuti ife yokha. Amuna amaipha msanga, kuisenda, n'kugulitsa nyama isanaonongeke kuti mwini wake apezepo kangachepe. Amene anatsogolera ntchitoyo anali bambo wina wokonza njinga pamalopo, mnzawo wa achimwene wa kumpingo. Iyeyo ndiye anakokanso ngolo n'kuiika kuseri, nawolera chimanga m'matumba kuti chisabedwe. Anandilandira manja ali magazi okhaokha.

"Achemwali, musadandaule," anatero. "Palibe chimene chatayika."

Ndinamuthokoza, ndithu ndinamuthokoza ndi mtima wonse.

Apolisi anafika dzuwa litakwera. Wamkulu wawo anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa mokalipa kuti wachotsa zinthu pamalo a ngozi ndani, ndipo kodi akudziwa kuti umenewo ndi mlandu. Ee! Anthu anamwazikana, wina kusiya ndi nyama yomwe anagula. Amene anatsala kuti afotokoze anali dalaivala yekha, ndipo iye anati ngolo inali pakati pa msewu.

Achimwene anatuluka m'chipatala opanda mwendo wakumanzere. Munthu amene ankalima fodya ndi chimanga, kudyetsa ana ake ndi mayi athu omwe, tsopano ankadikira womugwira kuti apite kuseri. Iwo ankati anali kumbali kwenikweni, tayala limodzi lili pa dothi. Ine ndinkawakhulupirira, chifukwa achimwene ndi amantha pamsewu kuyambira kale, ngakhale njinga amatsika akamva galimoto.

A inshulansi ya thirakiyo anakana kupereka chipukuta misozi, amvekere wolakwa ndi wangolo. Ndinapita kwa loya ku Lilongwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa ngati pali amene anajambula ngolo isanachotsedwe. Panalibe. Nanga zizindikiro za matayala? Anasesa.

"Mayi, apa kwatsala chimodzi," anatero loyayo. "Munthu amene anaona ndi maso ake. Popanda ameneyo achimwene anu sapeza kanthu, ndipo mwini thiraki akhoza kutembenuka n'kuwauza kuti akonzetse galimoto."

Ndinayenda pamalo aja khomo ndi khomo. Anthu omwewo amene ankasimba ngoziyo pachigayo ngati anali m'ngolomo, kwa ine aliyense anali kudimba tsikulo. Wina anali kumaliro. Wina anali atatembenuka. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndinawalalatira: "Nyama munaiona, koma thiraki yonse ija simunaione?" Sizinathandize, anangoyamba kutseka zitseko akandiona ndikutsika minibasi.

Amene anandiitana anali mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, mkazi wa bambo wokonza njinga uja. Kwawo kunali ku Kasakula, ku Ntchisi, kuno anali pachitengwa. Ananamizira kundisankhira tomato, maso ali pansi.

"Aphunzitsi, ine ndinaona," ananong'ona. "Ngolo inali kumbali. Thiraki inkapitirira minibasi, pobwerera ndiye inakawapeza komweko. Koma bambo akunyumba akuti ndikatsegula pakamwa, akandifunsa amene anachotsa ngolo, ndipo iwo akamangidwa."

Loya anati zomangidwazo iye sakuziona, poti munthuyo ankangothandiza. Ndinakamuuza bamboyo zimenezo, koma anandiyankha kuti loya sagona m'chitokosi, wogonamo ndi iyeyo. Anawonjeza kuti ubwino wake wamubweretsera mavuto, ndipo ndisadzapondenso pakhomo pake. Chonsecho mayi uja anavomera kuti dzina lake lipite kwa loya. Kuyambira pamenepo sanandiyankhulenso, ndikadutsa ankayang'ana kumbali.

Tsiku la mlandu tinalawirira, ine ndi achimwene ndi ndodo zawo. Pasiteji mayiyo panalibe. Foni yake sinkapezeka. Minibasi inadzadza, kondakitala akutikalipira, ndipo tinakwera opanda mboni. Kukhoti dalaivala analipo, atavala jekete, akuseka ndi loya wawo. Wathu ankangotuluka n'kulowa, akundiyang'ana ngati ndine ndabisa mboniyo. Ine ndinayamba kukonza mawu oti ndikawauze mayi athu kumudzi.

Achimwene atamaliza kupereka umboni wawo, chitseko chinatseguka. Anali mayi uja, mwana ali kumbuyo, thukuta lili kamukamu.

Loya wa mbali inayo sanamuchitire chisoni. Anamufunsa ngati anapita kusukulu, ngati amadziwa malamulo a pamsewu, ngati tinamulonjeza kanthu. Mayiyo ankayankha motsitsa mawu mpaka woweruza anamuuza kuti akweze. Kenako linabwera funso lija.

"Ngolo anaichotsa ndani?"

Ine ndinagwira benchi.

"Amuna anga," anatero. "Ankathandiza mnzawo. Koma asanaichotse inali kumbali, tayala lili pa dothi. Ndinali pomwepo, magazi a ng'ombe anafika pa tomato wanga."

Anamuzunguliza mafunso, koma sanasinthe ngakhale liwu limodzi. Chigamulo chinabwera patapita miyezi, ndipo chinakomera achimwene. Bambo wokonza njinga uja palibe anamumanga, ngakhale kumuitana.

Koma tsikulo sitinkadziwa zimenezo. Tinakwera minibasi imodzi pobwerera, mayi uja atakhala pafupi ndi ine, mwana akugona. Achimwene anamuthokoza motsitsa mawu. Titayandikira pamalo ake ogulitsira, ndinamenya denga kuti dalaivala aime. Mayiyo sanasunthe. Ndi pamene ndinaona kuti pamiyendo pake pali chikwama chachikulu, chomangidwa ndi chitenje.

"Mayi, si pano potsikira panu?"

"Pitirirani, adalaivala," anatero, kenako n'kutembenukira kwa ine. "Ndikatsikira ku Mponela, ndikapeze ya ku Ntchisi. Anandiuza m'mawa kuti ndikapita kukhoti ndisabwererenso pakhomo pawo."

Minibasi inanyamuka. Panja, bambo uja anali atawerama pa njinga ya munthu, ndipo sanadzutse mutu.