Boti la m'Munda wa Mpunga

Ermelinda Nhampoca sanabadwe ndi mawu apansi. Kuyambira ali mtsikana ntchito yake inali yotumbula ndi kuyanika nsomba kumathiriro kwa mtsinje wa Buzi, ndipo akamatsutsana ndi ogula, gombe lonse linkadziwa mtengo. Mwamuna wake Zefanias, msodzi, anali wa phee. Anthu ankaseka kuti m'nyumba muja pakamwa m'pamodzi, ndipo mpokwanira.

Namondwe atafika, Zefanias anathamangira kugombe kukamangirira boti lake la matabwa. Sanabwererenso. Madzi ataphwera, nyumba kunalibe, mathandala oyanikapo nsomba kunalibe, mitengo ya kokonati ili lambalamba. Botilo analipeza litakhala bwinobwino pakati pa munda wa mpunga wa eni ake, kutali ndi nyanja, ngati wina wachita kulikhazika.

Ermelinda analira mpaka mawu anatha. Mmene ankabwerera mawuwo, n'kuti mlamu wake Custódio atafika kale kumundako ndi chitsulo chozulira misomali.

"Alamu, boti limene mwini wake wapita ndi madzi salikweranso, mukudziwa inu," anatero Custódio. "Tiliphwasule, matabwawa tikhomere nyumba."

"Nyumba ya yani?"

"Ya pabanja."

"Pabanja pake ndi kwanu kuja mwaimika kale nsichi? Ana anga azidya chiyani, misomali? Botili libwerera kunyanja."

"Mulibereka kumsana?"

Amuna onse anali mbali ya Custódio, poti nawonso ankaliopa botilo. Koma pagombe paja pali mwambo wakale: aliyense wogwira chingwe pokoka boti amalandira nsomba likabwerako kunyanja, ndipo palibe angam'mane. Ermelinda anapita kusukulu kumene anthu ankagona mothithikana, n'kuima pakhomo.

"Amayi, nsomba ndilibe, koma chingwe ndili nacho. Ndani akufuna ndiwo?"

"Mwayamba kugawa nsomba zili m'nyanja, achemwali?" anaseka mayi wina. Koma anadzuka, n'kumanga nsalu m'chiuno. Nyemba za chithandizo zinali zitawakola onse.

Mitengo ya kokonati imene namondwe anagwetsa ndiyo inakhala msewu. Ankaigoneka kutsogolo kwa boti, n'kukoka, n'kutenga yotsala kumbuyo kukaiikanso kutsogolo, matope akufika m'mawondo. Amuna ankasoka maukonde opanda maboti uku akuponya mawu: "Mukafika chaka chamawa, mutipatsireko moni nkhanu!" Ermelinda ankayankha ndi nyimbo yokokera, mayina awo akulowamo mmodzimmodzi, ndipo sizinali zowayamikira ayi.

Tsiku lina pamzere panaonjezeka mayi wofunda nsalu mpaka m'maso. Ermelinda anazindikira mayendedwe a Lurdes, mkazi wa Custódio. Sanamuulule, anangomusendezera chingwe.

Zikhatho zinatuluka matuza, matuza anaphulika, koma boti linafika pamchenga. Ermelinda analimata phula yekha. Apa mpamene mantha anam'gwira zenizeni, poti boti lopanda wolikwera ndi matabwa basi, monga ananenera mlamu wake. Anaima m'madzi atagwira chingwe, amuna akuyang'ana kumbali.

Kenako Fulgêncio, msodzi wokalamba amene bwato lake linasweka pakati, anakwinya buluku lake n'kulowa m'madzi.

"Zefanias sanandikalipirepo ali moyo," anatero. "Ayambe lero? Ine ndikuopa njala."

Ana ake awiri aamuna anam'tsatira, nkhope zili zolimba.

Anabwerako dzuwa litapendeka, nsomba zosadzaza n'komwe boti, koma zinali nsomba. Amayi anafola, Ermelinda akuika m'manja mwa aliyense. Pa boti anaona malo amene Zefanias ankakhala atanyowa poti panakhala munthu wina, ndipo mtima unam'pweteka kwambiri, koma sanasiye kugawa.

Kumapeto kwa mzere kunaima Custódio ndi beseni.

"Gawo la pabanja, alamu. Linali boti la mchimwene wanga."

"Tandionetsani zikhatho."

Custódio anatambasula manja osalala. Ermelinda anasankha nsomba yaikulu, n'kum'dutsa, n'kukaiika m'manja a zilonda a Lurdes.

"Ndiwo mukadya kwanu lero, alamu," anatero mokweza monga mwa nthawi zonse. "Koma musanasambe m'manja, mukathokoze akazi anu."