Galu Amene Ndinamusunga Wamoyo M'makalata

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene galu wathu Alekeni anafa. Ndikukumbukira bwino chifukwa ndi chaka chimene dzanja langa linayamba kuzolowera pensulo ndi pepala, litachoka pa sileti.

Ife tinali obwera. Bambo ndi mayi anatsika kumapiri a ku Dowa ine ndili kumsana, napatsidwa malo kumapeto kwa mudzi wina wa asodzi ku Salima, pamene mchenga umathera n'kuyamba minda ya chinangwa. Eni mudzi ambiri anali Asilamu. Anatilandira bwino, nsomba ankatigawira, ndipo pamaliro a ang'ono anga awiri anabwera onse. Koma galu sankamufuna pafupi ndi makomo awo, poti kwa iwo malovu ake amadetsa munthu wofuna kuswali. Tsiku limene bambo anafika ndi kamwana ka galu m'thumba la jekete anthu anayankhulayankhula, ndiye bambo anangokatcha dzina loti Alekeni.

Anali galu wamtundu wa dothi la pachulu, khutu limodzi loima, lina logwa. Mafunde ankawaopa ngati moto, moti ine ndikamatunga madzi iye ankakhala patali n'kumandidandaula. Anzanga ankati, "Enelesi, bwera tidzasewere, koma galu wakoyo umusiye kwanu." Iye kusiyidwa sankakudziwa. Choncho masiku ambiri ndinkabwerera panjira, n'kukasewera ndi iyeyo kuseri kwa nyumba.

Kenako bambo anakwera sitima kupita ku Halale kukagwira ntchito pafamu ya fodya. M'mawa umene ankanyamuka anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Amayi ako uziwawerengera makalata ndi kuwalembera. Ndipo galu wangayu ndidzamupeze."

Tinatsala atatu pakhomo: mayi, ine ndi Alekeni. Makalata ankabwera kudzera kwa aphunzitsi, mwina kamodzi pamwezi. Mayi sanapite kusukulu, ndiye ankakhala pamphasa pakhonde ine n'kumawerenga. Bambo ankalemba zilembo zikuluzikulu zopendekeka, ndipo kalata iliyonse inkatha ndi funso limodzi: "Nanga Alekeni? Akupirikitsabe anyani kumunda?"

Tsiku la tsokalo kunali kutentha kwa mvula isanagwe, kuja mchenga umawotcha mapazi dzuwa lisanafike pamutu. Mayi anandituma kukazula chinangwa. Alekeni anali patsogolo monga mwa masiku onse. Titafika pamene njira inkapanikizika ndi udzu wouma anaima, ubweya wa pamsana utanyamuka, n'kuyamba kuuwa. Ine ndinali nditatopa ndi dzuwa. Ndinati, "Choka apa iwe!" ndipo ndinamukankha ndi phazi. Anagwera kutsogolo. Ndinamva kupemerera ngati munthu akukoleza moto, kenako kulira kwake. Inali mphiri. Inamuluma pamphuno, n'kukwawa pang'onopang'ono kulowa muudzu ngati sinachite kanthu.

Ndinamunyamula mpaka kunyumba, miyendo yake ikundimenya m'mawondo. Mayi anamuthira madzi, namupaka makala osinja, koma mutu unangotupirabe mpaka maso kutsekeka. Ndinakhala naye pamthunzi wa mango, dzanja langa lili panthiti zake. Dzuwa litapendeka pang'ono, nthitizo zinaleka kukwera.

Ndinalira mokuwa. Mayi anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Kamutaye kutchire asananunkhe. Ine ndaika ana awiri m'dothi lino. Misozi ya galu ndilibe." Anatenga dengu n'kupita okha kukazula chinangwa chija.

Kutchire sindinapite. Ndinamukokera kumalire a munda, n'kuyamba kukumba ndi kakhasu kanga kakang'ono. Nthaka inali youma gwa, khasu linkangodumpha. Ndili pomwepo anadutsa Che Saidi, nkhalamba yosoka maukonde imene inkakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Anali atavala kofiya yawo yoyera, akupita kumzikiti. Anaima, nayang'ana galu, nayang'ana kadzenje kanga kosakwana n'chikho chomwe.

"Galu sindimugwira ine," anatero, "koma khasu ndimagwira. Katenge la amayi ako."

Anapinda mkanjo wawo n'kukumba mpaka dzenje linawafika m'mawondo. Thukuta linkagwa kuchokera kundevu zawo. Ine ndinamugoneka Alekeni m'katimo pa chiguduli cha bambo chimene galuyo ankagonapo, iwo n'kukwirira. Atatha anandipatsa khasu n'kunena kuti, "Nayenso anamulenga ndi Mulungu. Pepa, mwanangu." Anapita kunyanja kukasamba m'manja ndi kumapazi. Pamudzi ponse, amene anandipepesa ndi iwowo basi. Koma ngakhale iwo sindinawauze za phazi langa.

Patapita masiku angapo mayi anati tilembe kalata. Anakhala pamphasa n'kuyamba kunena: mvula sinayambe, denga likufuna udzu watsopano, nkhuku ziwiri zaswa. Kenako anati, "Uwauzenso kuti galu wawo wafa ndi njoka."

Ndinalemba za mvula, za denga, za nkhuku. Nditafika pa galu, pensulo inaima. Ndinawaona bambo m'maganizo akutsegula envelopu kutali uko, ndipo ndinamva mawu awo aja akuti ndidzamupeze. Ndinaweramira pepala n'kulemba kuti, "Alekeni ali bwino."

"Tawerenga timve," anatero mayi.

Ndinawerenga zimene ananena iwo, osati zimene zinali papepala. Anagwedeza mutu, ndipo m'mawa mwake ndinakapereka kalatayo kwa aphunzitsi.

Bodza likangobadwa limafuna kudyetsedwa. Yankho la bambo linabwera ndi funso lawo la nthawi zonse, ndipo powerenga ndinalidumpha. M'kalata yotsatira ndinalemba kuti Alekeni wathamangitsa nyani wamkulu mpaka kumtengo wa mlambe. Mu ina ndinati waba usipa pathandala la anthu ndipo mayi akapepesa. Bambo ankayankha mosangalala, mizere itatu kapena inayi ya galu yekha, ndipo ine mizere yonseyo ndinkaimeza. Makalata awo anayamba kumveka aafupi m'makutu mwa mayi.

Ndinene zoona, nthawi yolemba mabodzawo ndi yokhayo imene mtima wanga unkapuma. Pensulo ikamayenda, galu wanga ankathamanga. Ndikangomata envelopu, pakhomo pankabwereranso zii. Popita kumadzi ndinkacheuka kuti ndimuitane. Ndikamadya nsomba ndinkapeza nditasunga mutu pambali, kenako n'kukumbukira kuti palibe woupatsa. Anzanga tsopano ankandiitana momasuka poti galu panalibe, koma ndikafika pakati pawo ndinkangoima ngati mlendo. Tsiku lina mmodzi anati, "Ukadali kulira galu? Akanakhala mbuzi bola." Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, ndipo kuyambira pamenepo sindinapitekonso. Madzulo a Sabata ndinkakhala kumalire a munda, pamene dothi linali litayamba kutitimira ndi mvula, n'kumazula tiudzu.

Chimene sindinachione ndi chimene bodza langa linkachita kwa mayi. Tsiku lina nditamaliza kuwerenga anafunsa kuti, "Basi? Za galu sananenepo kanthu mpaka lero?"

"Ayi," ndinatero, maso ali pansi.

Anapitiriza kutola timiyala mumpunga. Kenako anati, "Galu amene ankadya naye m'mbale imodzi. Munthu akaiwala galu wake, mawa aiwala ife. Matchona amayamba chonchi." Matchona anali amuna opita kunja osabweranso, ndipo m'midzi yozungulira akazi awo tinkawadziwa ndi mayina. Kuyambira tsiku limenelo mawu a mayi m'makalata anachepa. Ankangoti, "Uwauze tili moyo," n'kudzuka. Ndinaona kuti ndikuphwasula nyumba ya makolo anga ndi pensulo, koma njira yobwerera sindinaione.

Patatha miyezi inayi kunabwera a Jeremiya, bambo a mudzi wina wakumtunda amene ankagwira ntchito pafamu imodzi ndi bambo anga. Anafika masana ndi phukusi lomangidwa ndi chingwe. Mayi anawayalira mphasa, nawapatsa madzi, ndipo atalonjerana anamasula phukusilo. Munali nsalu ya mayi, diresi langa la maluwa achikasu, ndi sopo. Pansi penipeni panali lamba wachikopa wamfupi, wosokedwa pamanja, wokhala ndi kabelu kakang'ono.

Mayi anamutembenuza lambayo, kabelu n'kulira.

"Ameneyo ndi wa mbava ija," anatero a Jeremiya akuseka. "Amuna anu a Banda asoka okha, masabata atatu. Akuti mumuveke kuti eni usipa azimumva akamabwera. Komboni yonse ikumudziwa galu ameneyu, mayi! Kalata ikangofika amatiitana tonse kuti timve zimene wachita. Ali kuti kodi, ndimuone ndikanene?"

Mayi sanandiyang'ane. Anati, "Watalikira pang'ono, bambo." Anawathokoza, nawaphikira, nawaperekeza mpaka panjira. Ine ndinali nditauma pakhonde, diresi lili pamiyendo.

Atabwerako anati, "Enelesi, katenge makalata onse."

Ndinakawatenga m'chitini mmene tinkawasunga. Anandikhazika pambali pawo, naika chala chawo pamzere woyamba. "Uwerenge pamene pali chala changa. Chikafika pansi pa pepala, nawenso ufike."

Ndinawerenga, chala chawo chikutsika mzere ndi mzere, chala chosweka ndi khasu chimene sichinkadziwa chilembo ngakhale chimodzi. Ndinawerenga za nyani, za usipa, kuseka konse kwa bambo. M'kalata yachitatu munali mawu amene ndinawadumpha pamodzi ndi za galu: "Ndikamva kuti Alekeni ali pakhomo mtima umakhala pansi, podziwa kuti mkazi wanga ndi mwana wanga sali okha. Kuno ndimawerenga miyezi."

Chala cha mayi chinaima pamenepo. "Bwereza," anatero. Ndinabwereza. Anakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanawaonepo akulira chiikireni mng'ono wanga wachiwiri.

Ndinadikira ndodo, koma sinabwere. Ndipo mawu amene ndinawasunga miyezi inayi anatuluka okha. "Ndinamukankha ndine, amayi. Iye anaima, ankandiletsa. Ndinamukankha ndi phazi."

Anachotsa chitenje kumaso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye wakhala ukusenza zimenezi wekha, m'nyumba momwe muno, ine ndili pomwepa?" Anandikokera pachifuwa pawo, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Inenso ndinakuyankha moipa tsiku lija. Ndinkaopa kuti ndikayamba kulira sindileka."

Tsiku lomwelo tinalemba kalata ina. Mayi ananena zawo, zambiri ndithu, kenako anati za galu ndinene ndekha. Ndinalemba zonse: njira, udzu, phazi langa, dzenje limene anakumba Che Saidi, ndi makalata anayi abodza. Pepala linanyowa malo awiri. Lamba uja mayi anamukoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko, moti tikatsegula kabelu kankalira pang'ono.

Yankho linatenga masabata asanu, ndipo masabata amenewo anali aatali kuposa miyezi inayi ija. Litafika ndinaliwerenga lonse, chala cha mayi chili pamiyendo pawo. Bambo analemba kuti: "Mwana wanga, ndalira. Anzanga ena anandiseka, koma mmodzi anakhala nane mpaka belu la ntchito. Za phazi lako usadzizunze. Ukanapanda kumukankha ukanadutsa ndiwe, ndipo iye akanalumphirabe patsogolo pako, chifukwa ndiyo ntchito imene ndinamusiyira. Koma usadzandibisirenso maliro, akhale a galu kapena a nkhuku. Munthu wakutali ukamubisira maliro wamuchotsa pamudzi."

Sindinganame kuti chisoni chinathera pomwepo. Ndinacheukabe panjira ya kumadzi mpaka chaka chinatha. Koma tsopano ndikacheuka mayi ankaona, ndipo nthawi zina ankati, "Apa akanakhala atayamba kale kudandaula," ife n'kuseka. Bambo anabwerera patapita zaka ziwiri. Asanalowe n'komwe m'nyumba anandipempha kuti ndikawaonetse kumalire a munda, ndipo pochoka kumeneko anapita kukathokoza Che Saidi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndikuwateteza bambo. Lero ndikuona kuti ndinkadziteteza ndekha, ndi kuti mwa kubisa imfa imodzi ndinapanga anthu atatu kukhala okhaokha: bambo akuseka ndi galu amene kulibe, mayi akukwiyira mwamuna wosalakwa, ine ndikuzula udzu pamanda popanda wondifunsa. Chisoni chija sichinali chachikulu kuposa mphamvu zanga. Chinalemera chifukwa ndinakana kuti wina agwire mbali ina.

Zaka zambiri pambuyo pake, amuna anga atamwalira, mwana wathu woyamba anali kuntchito kunja kwa dziko. Achibale anandizungulira n'kumati, "Mungomuuza kuti bambo ake adwalika kwambiri, abwere. Zoona akamvera kuno." Ankanena mwachikondi, ndipo ndi mmene ambiri amachitira. Ine ndinapempha kuti andipatse lamya. Atayankha ndinatchula dzina lake, ndipo ndinati, "Khala pansi, mwanangu. Bambo ako atisiya m'mawa uno. Lira, ndili pompano, sindidula."