Khoma la pa Chiguduli

Mkazi wanga ndi munthu woti ukamupatsa khola la mbuzi, pofika madzulo ulipeza lozira bwinobwino. Zaka zimene matipate anali atangoyamba, ife tinali matenanti m'maesiteti a fodya ku Mchinji, ndipo Disembala aliyense iye ankakongoletsa kanyumba kathu. Katondo ankakumba pachulu, makande kudambo, phulusa ndiye la pamoto pomwepo. Sankajambula maluwa ngati anzake. Ankangopaka ndi chikhatho, apa pofiira, apa pakuda, mzere woyera n'kudutsa pakati, koma ukaima pabwalo sunkafuna kuchotsapo maso.

Vuto la utenanti ndi loti nyumba si yako. Fodya akagulitsidwa, mwini esiteti akhoza kungonena kuti chaka chamawa malo palibe. Titasamuka kachitatu, mkazi wanga anaima pakhomo latsopanolo, kuyang'ana makoma, n'kunena kuti, "Ine ndaleka, bambo. Ndizikongoletsera anthu ena mpaka liti?" Analekadi. Khirisimasi inatipeza m'nyumba yotuwa, ndipo ngakhale kuimba posesa anasiya. Zinandiwawa kwambiri, koma ine mawu otonthozera munthu sindinabadwe nawo.

Chilimwe chotsatira ndinapeza ganyu yokonza denga la ansembe ena okalamba cha ku Kachebere, ochokera ku Spain. M'chipinda chawo chochezera munali chinthu chopachikidwa pakhoma: chiguduli chong'ambika, chosokedwa ndi chingwe, chomatidwa mchenga ndi phula. Ine pofuna kuonetsa ulemu ndinati, "Abambo, chisaka ichi ndikakutayireni kudzala?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandiuza kuti chimenecho ndi chithunzi, anachipanga ndi mnzawo wa paunyamata. Akuti kwawoko nkhondo itatha, ojambula ena anatopa ndi kujambula nkhope zosalala pamene mitima inali ndi zilonda, ndiye anayamba kutola masaka, mchenga ndi matabwa opserera. Sankafuna kuti uzindikirepo munthu kapena mtengo, koma kuti umve zimene iwo ankamva. Ine ndinangogwedeza mutu, mumtima ndikuti azunguwa nawonso ali ndi masewera.

Nditafika kunyumba ndinafotokozera mkazi wanga nkhaniyi kuti aseke. Sanaseke.

"Ndiye mchengawo suyoyoka?" anandifunsa.

"Ayi, unagwira ndithu."

"Nanga akamasamuka amatani nacho?"

"Amachinyamula. Pajatu anachokera nacho kwawo."

M'mawa mwake ndinapeza chiguduli changa chakale chomangira fodya chitakungidwa pa nsungwi zinayi, mkazi wanga ali kalikiliki kukanda dothi m'chidebe. Ndinang'ung'udza pang'ono, mwamwambo chabe. Choyambacho chinauma n'kung'aluka, dothi lonse n'kugwa ngati nkhanambo. Chachiwiri anasakaniza dothi ndi phala la mgaiwa, nkhuku n'kuchita nacho phwando. Amayi anzake akamadutsa popita kumjigo ankanong'onezana, kufunsana ngati mutu wake ukuyenda bwino, ndipo kunena zoona nanenso ndinkadzifunsa chomwecho. Chachitatu anathiramo phala la chinangwa, lomata lija, n'kuchiumitsa pamthunzi m'chigafa choyanikamo fodya. Chinagwira. Chinali chofiira m'munsi, chakuda pamwamba, ndipo pamene panali chibowo sanapasoke, anangopazunguliza ndi phulusa. Tsiku limenelo ndinamumva akuimba kuseri kwa nyumba, ine n'kuima ndi khasu m'manja osafuna kumusokoneza.

Pamene nthawi yochoka pa esiteti imeneyo inakwana, mnzanga wa kutchalitchi anali atatipezera malo athuathu kwa mfumu Zulu, ku Mchinji komweko. Mipando, mapoto ndi matumba a chimanga zinadzaza ngolo, ndipo woyendetsa ngoloyo anati chisakacho chitsale, palibe poika. Mkazi wanga sanakangane naye. Anachisenza pamutu n'kuyenda wapansi kumbuyo kwa ngolo ulendo wonse, mphepo ikumukankha uku ndi uku. Ndinapempha kuti ndimulandire, anakana, akuti ine ndimayenda ngati ndikuthamangitsa ng'ombe.

Nyumba yathuyo inalibe ngakhale chitseko, makoma ali zidina zokhazokha, koma iye anayamba wakhoma msomali tisanatsitse katundu. Atachipachika anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kupukuta thukuta ndi chitenje. Kenako anatuluka panja n'kusisita khoma ndi chikhatho.

"Bambo," anatero, "kuno chulu cha katondo chili pati?"

Ndinatenga khasu n'kutsogola, ngakhale kuti nanenso sindinkadziwa kumene chinali.