Makope a Mayi wa Dengu

"Kodi amake mwana, achimwene anu akafika Loweruka mudzawauza kuti makope awo aja ali kuti?"

Anandifunsa choncho aneba anga a khomo loyandikana, Lachinayi m'mawa, ine ndikuchapa matewera pampopi. Ndinawayankha kuti makope alipo. Koma manja anasiya okha kuchapa, chifukwa musutikesi momwe ndinkawasunga munatsala atatu, pamene achimwene anandisiyira khumi ndi anayi.

Achimwene anga asanapite ku Joni ankathyola tiyi pa esiteti yomwe tikukhalayi. Akaweruka ankakhala pakhonde ndi bolopeni, n'kumajambula makatuni m'makope a sukulu. Nkhani inali imodzi yomweyo zaka zisanu: mayi wina wothyola tiyi, wovala apuloni ndi majombo ngati ife tomwe, koma wamphamvu zoopsa. Thirakitala ikatitimira m'matope, iye ankaizula ndi dzanja limodzi. Mlatho ukakokoloka, ankagona yekha pamtsinje kuti ana asukulu adutse pamsana pake. Dzina analibe. M'malaini onse, momwe timakhala antchito, ankangoti mayi wa dengu.

Aliyense wowerenga anali ndi chonena. Azibambo ankadandaula kuti mphamvu zonsezo bwanji samenya kapitawo ngakhale kamodzi. Azimayi ankati ndi bodza, munthu angathyole tiyi m'chiperoni tsiku lonse zala zili mbee? Achimwene anamva, ndipo kuyambira kope lachisanu zala zake zinada ngati zathu. Akapitawo nawo anakwiya sabata yathunthu, ati chimunthu choipa chomwe chinkamwa madzi onse a m'damu chinali ndi mphuno yawo. Koma mkangano waukulu unali wa kuuluka. M'makope atatu oyamba mayiyu ankauluka pamwamba pa minda, dengu lili kumsana. Kutauni mwina saona cholakwika, koma kuno munthu wouluka ndi chinthu cholukidwa ndi nsungwi tonse timadziwa kuti ndi ndani. Achimwene poyamba anaseka, kenako anamusiyitsa kuuluka, anayamba kumangolumpha.

Pochoka achimwene anati makopewo ndiwasunge bwino, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Koma m'malaini munthu akabwereka mchere, ndowa kapena nkhwangwa sumukaniza, nanga kope ungamukanize bwanji? Wina ankabwereka, mnzake n'kukatenga kwa iye, ine ndili ndi khanda osatsatira. Ndiye Lachitatu achimwene anaimba foni kuti akubwera, ndiponso kuti munthu wina wosindikiza mabuku ku Blantyre akufuna kuona makope onse, kuyambira loyamba.

Matewera ndinawasiya m'beseni momwemo. Ndinabereka mwana n'kuyamba khomo ndi khomo. Awiri ndinawapeza msanga kwa mayi wina wogwira kufakitale, atawakutira bwino ndi nyuzi, moti ndinaganiza kuti ntchito ikhala yapafupi. Iwo anandilozera kwa mnzawo amene ankapita ndi makope kumunda kukawerengera anzake nthawi ya phala. Ameneyo anatulutsa awiri m'thumba la apuloni. Mvula inali itasungunula inki, masamba atamatana, mayi wa dengu atasanduka banga la buluu. Anapepesa kwambiri, komabe sanalephere kuwonjezera kuti limodzi mwa awiriwo silinamukomere, ndewu yake inatha msanga.

Tsiku limenelo sindinakhale pansi. Ndikalowa m'nyumba ndinkatsegula sutikesi ngati makope aberekana, n'kutulukanso. Bambo a mwana anati ndidye kaye, ine ndinadya chiimire.

Lachisanu ndinapita ku Bvumbwe, chifukwa ndinamva kuti awiri anatengedwa ndi mtsikana wina wogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu. Anzake anandiuza kuti anakwatiwa ku Limbe, ndipo palibe amene ankadziwa nyumba yake. Mmodzi anandifunsa ngati mayi wa dengu anadzamugonjetsa wakumwa damu uja. Ndinamuuza kuti eya, n'kubwerera.

Pobwera ndinadzera pageti kwa agogo alonda, amene amasuta chingambwe. Anali ndi awiri, opyapyala ngati akudwala. Nditawafunsa za masamba ena, sanachite manyazi n'komwe.

"Mwana wanga, ine ndili ndi ulemu," anatero. "Ndimapichirira tsamba lomwe mayi uja mulibe. Pamene pali iye sinding'amba ayi. Koma akapitawo ndawasuta onse."

Ndinafuna kulira, koma ndinapezeka ndikuseka. Ndinawatenga choncho.

Anatsala atatu oyamba, a kuuluka aja, omwe wa ku Blantyre ankafuna kuyambira. Ndinafunsa malaini onse, ndipo aliyense ankaloza mnzake mpaka chala chinabwerera pakhomo loyandikana ndi langa. Ndinawapeza aneba akusenda chinangwa. Ndinangokhala pamkeka n'kuyamwitsa mwana. Patapita nthawi anaika mpeni pansi.

Anandiuza kuti mwana wawo atadwala malungo mwezi wa mvula, apongozi awo anabwera kuchokera ku Nsabwe kudzathandiza. Poyala mphasa anapeza makopewo kumutu kwa wodwala. Kuwerenga sadziwa, koma chithunzi anachiona: mkazi ali m'mwamba, dengu kumsana, pansi pake nyumba zofanana ndi zathu. Sanafunse munthu. Anawaponya pambaula, n'kuima pomwepo mpaka atatha.

"Dzulo ndinakufunsani dala," anatero aneba. "Ndimafuna inu mundifunse, ine pandekha kunena ndimalephera."

Ndinawafunsa ngati mwanayo anachira bwinobwino. Anati anachira, koma ndi jakisoni wa kuchipatala, zimenezo ngakhale apongozi akudziwa. Sindinawakalipire. Mawa lake tinayenera kukumananso pampopi.

Achimwene anafika Loweruka masana, ataonda, atanyamula chikwama chimodzi. Anamunyamula mwana, anamwa madzi, kenako maso awo anapita pa sutikesi. Ndinaitsegula ndekha n'kuyala zonse pamkeka, kuti asamve kwa wina.

Ndinawauza kuti mwa khumi ndi anayi, athunthu atsala asanu. Awiri ananyowa, awiri ali ku Limbe kosadziwika, awiri atsala theka. Atatu oyamba anapsa.