Ndege Zanga za ku Joni

Chaka chomwe thonje linatichita chipongwe ndi chomwe ndinaganiza zochoka. Ndinalima munda wonse wa apongozi kwa Nyalugwe monga achitira mkamwini wofuna kutamandidwa, koma nditagulitsa, ndalama yake inathera pa mchere ndi nsapato za mwana. Ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita ku Joni. Sanalire ndipo sanandiletse, anangoti, "Muzitumako foni." Patatha sabata ndinakwera basi pa Nyimba, phava la nthochi lili pamiyendo, mtima uli m'malere.

Ntchito ndinaipeza yosamala maluwa kwa mdala wina wachizungu wokhala yekha. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Za kusungulumwa sindibisa, kunandidya. Pankatha milungu osalankhula chinenero changa ndi munthu wamoyo, kupatula pafoni. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo Esinati anaumbitsa njerwa, nagula malata, nyumba n'kumakwera ine ndikuionera pazithunzi.

Mdalayo anali ndi chipinda chodzaza ndi tindege tating'onoting'ono, tina pamashelefu, tina tolendewera kudenga. Manja ake anali atayamba kunjenjemera, choncho tsiku lina anandiitana kuti ndimugwirire phiko pamene ankamata. Basi matenda anandilowa pomwepo. Ndegezo zimabwera m'katoni zili tizidutswa ta pulasitiki. Umadula ndi kampeni, kupala m'mbali mwake, kumata ndi guluu wa pansonga ya singano, kenako kupenta ndi burashi yowonda ngati udzu. Woyendetsa wake ndi wochepa ngati nyemba, koma ndinkamupenta mpaka magalasi a m'maso. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti manja angawa amadziwa china choposa khasu, ndipo ndinanyada.

Ndikamaliza ndege ndinkaijambula n'kutumizira Esinati. Poyamba ankayankha kuti ndi yokongola. Kenako anasiya. Uthenga unkaonetsa kuti wauwerenga, koma yankho ayi. Munthu ukakhala wekha kutali, mutu umalima zinthu zambiri. Ndinayamba kuganizira bambo wina wa pa kabuthi kotapira ndalama pa boma, yemwe tsiku lina anayankha foni ya mkazi wanga n'kunena kuti amai aisiya pa chaji. Ndinamusunga mumtima bamboyo zaka zitatu, nkhope yake osaidziwa n'komwe.

Mdala atamwalira, ana ake anagulitsa nyumba ndipo anandipatsa ndege zisanu ndi imodzi zomwe ndinapanga ndekha. Ndinazikulunga m'matawulo, ulendo wonse wobwerera kumudzi katoni ili pamiyendo.

Nyumba ndinaipeza yaima bwino, malata akuwala. Koma anthu ankandipatsa moni ali chapatali, manja ali kumbuyo. Ine ndinati ndi nsanje chabe. Ndinakwera pampando n'kupachika ndege zanga pamitengo ya denga ndi ulusi wa mbedza, iliyonse yopendekeka ngati ikukhota. Esinati ataziona anaima pakhomo, n'kubwerera. Ankaphikira kwa amai ake, ndipo iye ndi mwana wathu Tisa ankagona komweko.

Apa ndinati nkhani ija ndi yoona, pali mwamuna. Ndinachita zinthu zomwe ndimachita nazo manyazi lero. Ndinafufuza m'foni mwake iye atapita kukasamba. Ndinamutsata mozemba mpaka kuchigayo, ine munthu wamkulu kubisala kuseri kwa mtengo wa mango, koma ndinangoona mzimayi akudikira ufa wake. Tsiku lachinai ndinalephera kupirira. Ndinamupeza akuanika zovala n'kumufunsa kuti, "Niuze chabe, nindani?"

Anasiya kuanika n'kunditembenukira. "Mukamba za mwamuna, atate ake Tisa? Neo napilila zaka zitatu nitapa manzi nekha chifukwa cha imwe, ndiye mubwele munifunse za mwamuna?"

Ndipo anandiuza zonse. Zithunzi zija ankaonetsa anzake kuchitsime monyadira. Koma sabata yomwe ndinatumiza ndege yoyamba, atate a Esinati anamwalira. Itafika yachitatu, mwana wa mng'ono wake anatsekula m'mimba n'kupita. Anthu anayamba kuwerenga. Ine ndinkatumiza zithunzi pafupipafupi, ndipo kwathu maliro sachedwa, ndiye masamu awo ankangotheka. Mbiri inamveka kuti Lungu, ineyo, ali ndi ndege za ufiti, amabwera kudzatenga abale a mkazi wake, ndipo malata aja ndi magazi a anthu.

"Neo nakhala nikukanilani," anatero. "Lomba mwabwela nazo, mwazipachika m'nyumba. Amai aniletsa kugona muja. Nichite tyani?"

M'mawa mwake kunabwera aDaka, amalume ake a Esinati, omwenso ndi ankhoswe athu, ali ndi abale ena. Anakana kulowa. Tinakhala panja.

"ALungu," anayamba aDaka, "ise sitinakambe kuti ndimwe mfiti. Koma mwana wathu sangankhale pansi pa vinthu volendewela. Titsegulileni imodzi. Ngati mulibe kanthu, nkhani yasila. Ngati muli kanthu, chikwati ndiye chasila."

Kwathu kusila ndi kutha. Ndinatsala pang'ono kuseka. Nkhani yophweka chonchi? Ndinatsitsa yaikulu kwambiri, yasiliva, yomwe inanditengera miyezi iwiri. Ndinalowetsa kampeni mumsoko wake, mtima ukuwawa, mpaka inang'ambika pakati. Ndinapereka zidutswa ziwirizo kuti aliyense aone kuti ndi pulasitiki yopanda kanthu. Zinayenda m'manja mwa anthu, ena akugwira ndi nsonga za zala. Zitafika kwa aDaka, iwo anagwedeza mbali yakutsogolo, ndipo m'mphuno mwa ndege munagwa kanthu. Kanali kamtolo ka nsalu yofiira, komangidwa ndi ulusi wakuda.

Amai ena anakuwa n'kuthawira kumbuyo kwa nkhokwe. Ine kamtoloko ndinali nditakaiwaliratu. Ndege ya matayala atatu ukapanda kuiika cholemera kumphuno imakhalira mchira, ndiye timaikamo manati a mabauti, n'kuwakulunga kuti asamalire. Ndinafotokoza zimenezi, ndinamasula ulusi, ndinaonetsa manati atatuwo, koma ndani akanandimvera? Chithumwa aliyense amachidziwa maonekedwe ake, ndipo ichi chinali chofanana nacho ndendende.

"Manati tawaona," anatero aDaka pang'onopang'ono. "Nanga nsalu iyi niya ndani?"

Kansaluko ndinakapeza ku Joni katasokeredwa pakona m'kati mwa chikwama changa. Ndinakazindikira kuti ndi ka chitenje cha Esinati, ndipo ndinkadulako pang'ono n'kuika m'ndege iliyonse chifukwa ndinkamusowa. Koma mwamuna unganene zimenezo pamaso pa apongozi? Komanso kuvomera kuti nsalu ya mwana wawo ili m'ndege zonse kukanakhala kudzimangirira ndekha.

Esinati anadzuka pamphasa, nakagwada patsogolo pa amalume ake. "Kansalu ako nikanga. Nine ninakasokela m'chola chawo. Ninayenda kwa ng'anga ku Petauke kuti asakakwatile kwina, abwele kunyumba. Iwo sanadziwe. Ngati pali mankhwala pano, ni anga."

Esinati ndi mzimayi wa yunifomu ya mpingo, wotsogolera nyimbo pamaliro, ndipo aliyense ankadziwa chomwe mawu amenewo amutayitsa. Kenako mlamu wanga wina anaphulika kuseka, azimayi n'kuyamba kunong'onezana, chifukwa mankhwala osungira mwamuna ndi tchimo lomwe ambiri a iwo amalimvetsa bwino. ADaka anatsokomola, natola chipewa chawo n'kunena kuti izi ndi za m'nyumba, iwo sizikuwakhudza.

Akulu a mpingo anamuvula yunifomu kwa chaka. Ankapita kutchalitchi atavala chitenje wamba, n'kukhala benchi lakumbuyo, mutu uli chilili. Koma m'nyumba mwathu anabwerera tsiku lomwelo la mlandu. Ndege yasiliva ndinaimatanso, ngakhale chipsera chikuonekabe. Alipo anthu omwe mpaka pano salowa pabalaza panga, ndipo ndinasiya kuwadandaula. Ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene munthu amadziwika, koma ndinapeza kuti ukachoka, anthu amakupanga mwatsopano ndi mantha awo. Inenso ndinachita chimodzimodzi kwa mkazi wanga.

Chinthu chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere. Esinati amaopa ng'anga kuposa njoka, ndipo ku Petauke sanapiteko yekha chibadwire. Tsiku lina tikutong'ola chimanga ndinamufunsa ngati anapitadi, kapena ananama kuti andipulumutse.

Sanadzutse mutu, manja ake anapitiriza ntchito. "Mufuna munitsegule na ine na kampeni kanu? Neo ninakukhulupililani zaka zitatu popanda kuona mukati."

Ndinatola chimanga china, ndipo sindinafunsenso.