Anditayira mbewu ya mapira pageti, ati ndi nyanga

Inu alonda amene munali pageti la chionetsero cha zaulimi Lachinayi la sabata yatha kuno ku Phalombe, mwandiphera mbewu. Ndadikira masiku asanu ndi anayi kuti mwina wina abwera kudzapepesa. Zii. Ndiye ndilemba pano kuti aliyense amve.

Ine ndine mlimi wa kwa Jenala. Ndili ndi mapira oyera a ngala zowerama amene agogo awo a mayi anga anabwera nawo kuchokera ku Mozambique. M'sitolo simungawapeze. Chaka chimene madzi anatikokolera nkhokwe, mudzi wonse unataya mbewu imeneyi. Inatsala kwa ine ndekha, chifukwa kansupa kanga kanali kopachika kutsindwi. Ndinabzala kandime kakang'ono, mbalame n'kudya gawo lawo, ine n'kupulumutsa manja anayi basi. Ndinasakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, n'kuthira m'kansupa komweko, n'kutseka ndi chitsononkho, pamwamba n'kumata dothi. Ndi mmene timasungira kwathu. Ukamata wamata, sutsegulatsegula.

Alangizi athu a zaulimi, a Phiri, ndi amene anandichonderera kuti ndipite nayo. Akuti kukhala anthu osunga mbewu zamakolo, atengako theka akachulukitse, amayi anzanga adzapezenso. Ndinavomera. Ndinanyamula kansupa konse osamatula, n'kukakulunga m'chitenje, n'kukaika pansi pa chikwama.

Ndinakwera kabaza 5:20 m'mawa. Pabwalo ndinafika 7:40. Mizere iwiri, wa amuna ndi wa akazi, yonse yautali mpaka kumsewu. Akuti kukubwera mlendo wolemekezeka, ndiye aliyense asechedwe. Ine vuto ndinalibe. Kusecha n'kwabwino, tonse timafuna kubwerera kwathu amoyo.

Koma tili pamzerepo, magalimoto ankangolowa pageti lalikulu. Ndinawerenga asanu ndi awiri. Mlonda amangochita sawasha, galasi osatsitsa n'komwe. Kodi zoopsa zimangoyenda wapansi? M'galimoto sizikwera?

Cha m'ma 8:30 kunabwera galimoto ya thanki kudzathira madzi pageti kuti fumbi lisadetse nsapato za mabwana. Inathira mpaka panachita matope.

9:15 inakwana nthawi yanga. Mlonda wamkazi wa magolovesi oyera anandiyendetsa kachitsulo kolira kaja thupi lonse. Sikanalire. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa botolo la thobwa, n'kununkhiza, n'kubwezera. Kenako anafunyulula chitenje chija. Atangoona nsupa anadumphira kumbuyo ngati waponda moto, n'kuyamba kukuwa kuti bwana abwere adzaone.

Ndinati achemwali, musaope, imeneyo ndi mbewu. Sanandiyang'ane n'komwe.

Anabwera mkulu wawo, bambo wamtali wa ndodo yakuda ndi wailesi paphewa. Kayankhulidwe kake kanali ka m'tauni. Funso lake loyamba, pamaso pa anthu onse aja, linali lakuti ndabwera kudzalodza ndani.

Abale, inu nonse mukudziwa chimene chimachitikira mayi akatchulidwa mfiti pagulu. Amayi amene tinkacheza nawo za mtengo wa nandolo anayamba kusuntha, kundisiya ndekha pakati. Kumzere wa amuna wina anati, agwidwa nayo. Wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

Ndinadzigwira mtima. Ndinati bwana, muli mapira ndi phulusa, ndaitanidwa ndi alangizi, dzina langa lili pa pepala la oonetsa mbewu. Akuti pepala limenelo iwo alibe, iwo ali ndi lamulo. Ndinati ndiloleni ndiimbire a Phiri. Ndinaimba katatu, foni imangoitana. Anali mkati kukonza matebulo, chimkuzamawu chili pakhutu.

Ndinati chabwino, ngati mukufuna kuona, ndimatule ndekha. Ndinayala chitenje pamalo pouma, kuti ndikhuthulire pamenepo pang'onopang'ono muone ndi maso anu. Akuti ayi, ndisakhudzenso, anthu ngati ine timatembenuza zinthu ndi manja. Anthu ngati ine. Ndine mayi wa mvano, yunifomu yanga ili m'nyumbamu.

Bambo wina wachikulire kumzere wa amuna anayesa kundithandiza. Anati ana inu, kwathu kuno mbewu timasunga choncho, funsani aliyense. Mkulu uja anawaloza ndi ndodo, akuti akapitiriza atuluka pamzere limodzi ndi ine mnzawo. Bambo aja anangoweramitsa mutu. Sindikuwadandaula, anayesetsa.

Ndinagwada. Inde, ndinagwada m'matope, ine mayi wa ana asanu, kugwadira mwana woti ndikanamubereka. Ndinati ngati simukufuna ilowe, ndibwezereni ndibwerere nayo kwathu, chionetserocho chikhale. Akuti chinthu chogwidwa sichibwezedwa, ndikhoza kuzungulira n'kukachiponyera kumpanda.

Ndiye anakankha nsupa ija ndi ndodo kuchoka patebulo losecherapo. Inagwera m'matope, siinasweke. Anaimenya kamodzi. Kawiri. Kachitatu inaphulika, phulusa n'kuti fuu m'mwamba. Anthu anabalalika, ena akukuwa dzina la Yesu. Phulusa litatsika, aliyense anaona chimene chinali pansi. Mapira. Oyera mbee, ali mbwee m'matope.

Mukuganiza kuti anapepesa? Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti bwanji sindinaike m'pulasitiki ngati anthu ena onse.

Ndisanayankhe, wailesi yake inalira. Mlendo wafika. Nthawi inali 9:40. Anatsegula mageti onse awiri, akuti aliyense alowe msanga mipando isaoneke yopanda anthu. Kusecha kunathera pomwepo. Anthu mazana aja amene anatsala kumbuyo kwanga analowa osagwidwa ngakhale thumba. Ndiye kunali kusecha kwa chiyani? Zoopsa zija zinapita kuti mlendo atafika?

Onsewo anadutsa pa mbewu yanga. Ndinayesa kutchinga ndi thupi, ndikukuwa kuti pondani uko, pondani uko. Ndani akanandimva? Wina anandiponda chala, chikhadabo chinachoka. Pambuyo pawo panadutsa magalimoto anayi a mlendo.

A Phiri anatulukira 10:05, thukuta lili kamukamu. Ataona zigoba za nsupa anangogwira pakamwa. Anafunsa mkulu uja kuti bwanji sanawaitane. Akuti iwo sayankha kwa alangizi, amayankha kwa amene anawalemba ntchito. A Phiri anavula jekete, n'kugwada nane. Tinayamba kutola njere imodziimodzi m'matope, ena akutizungulira kumationerera. Mkatimo chimkuzamawu chinali chikulangiza alimi kuti tizisamala mbewu zamakolo chifukwa ndi chuma cha dziko. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinalira, sindibisa.

Tinatola mpaka 11:30. Zambiri zinali zophwanyika. Zamphumphu tinapeza makumi atatu ndi imodzi. Pa manja anayi aja.

Amati safunsa anadya phula. Apa wosafunsa ndi wina, phula ndadya ndine.

Tsono ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho, osati pepani wa pa foni.

Inu amene munakonza chionetserochi, munaitana alimi kuti abwere ndi mbewu zamakolo. Munkaganiza kuti zibwera mu chiyani? M'mabokosi a ku sitolo? Munalephera kuuza alonda anu mawu awiri okha, kuti kubwera nsupa, miphika ndi phulusa? Munalephera kuimika mlangizi mmodzi pageti?

Inu a kampani ya alonda, lamulo lakuti chinthu chimene simukuchidziwa muziphwanya ndi ndodo linalembedwa pati? Ndionetseni. Nanga chikanakhaladi choopsa, mukanachimenya pakati pa anthu choncho? Ndipo munthu wanu anapatsidwa ndi ndani mphamvu yotchula mayi wosalakwa kuti ndi mfiti pagulu? Ndikufuna abwere kwa Jenala adzanene pamaso pa anthu kuti ananama.

Iwe unajambula, fufuta. Ngati watumiza kale, tumizanso ndi izi.

Alimi anzanga, akakuitanani ku zoterezi, musanyamule mbewu yonse ngati ine chitsiru. Siyani ina kunyumba. Ndipo musafike pageti mlangizi wanu asanatuluke kudzakutengani.

A kwa Kaduya, a kwa Chiwalo, ngakhale abale a kutsidya kwa malire, funsani azimayi akuluakulu kwanuko. Mapira oyera, ngala yake imawerama ikakhwima, phesi lake limatsekemera ngati msale. Ngati alipo amene anasungako, ngakhale odzaza chitsekerero cha botolo, ndiyenda wapansi kudzatenga.

Njere zija zinanyowa, sizikanadikira mvula. Ndinazibzala tsiku lomwelo madzulo m'beseni lakale kuseri kwa nyumba, dzuwa la Okutobala lili ng'aa. Ndimatunga madzi ku mjigo kawiri pa tsiku, ndatchinga ndi minga kuopa nkhuku. M'mawa uliwonse ndisanasese ndimapita kukayang'ana.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Zamera ziwiri.