Chilumba Chopanda Achibale

Kusukulu yathu ya pulayimale, kuseri kwa phiri la Ntchisi, kunali mapu amodzi okha a dziko lonse, okhomedwa pakhoma la kalasi yomaliza. Chiswe chinali chitawadya mbali ya nyanja zikuluzikulu, moti kwa zaka ziwiri ndinkakhulupirira kuti timabowo tonse tija tinali zilumba. Ngakhale zinali choncho, phunziro la jogalafe ndinalikhoza bwino mpaka kusekondale, ndipo mbiri imeneyi inanditsatira mpaka ku Handsworth, mumzinda wa Birmingham, kumene ndinabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba.

Ndinkakhala ndi amalume, alongo awo a mayi anga, pamodzi ndi akazi awo amene ndimawatchula kuti azakhali. Onse awiri ndi manesi, ndipo akhala kuno zaka zambiri. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene Chichewa amamva chonse koma kuyankha ndi m'Chingerezi basi.

Chisanu changa choyamba chinandidabwitsa. Dzuwa linkangosuzumira ngati mlendo amene walakwitsa khomo, folo koloko kwada kale. Lamulungu lina mu Novembala, titabwera kutchalitchi, azakhali anavula nsapato, naika mapazi awo otupa pampando pafupi ndi hita.

"Abambo," anatero kwa amalume, "Januwale akubwerayu ine ndikufuna kukapitidwa mphepo."

"Tsegulani windo," amalume anayankha. "Mphepo ilipo yambiri, yaulere."

"Yofunda. Pachilumba. Ndikagone pamchenga ngati chigoba cha nkhono, osadzuka."

"Nanga si timapita kumudzi? Kumudzi sikufunda?"

Azakhali anangowayang'ana. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa mmene maulendo akumudzi amayendera. Munthu ukangonena kuti ukupita kwathu, anthu amabwera ndi timaphukusi toti ukapatsire abale awo. Azakhali ankanyamuka ndi masutikesi anayi, atatu a anthu ena. Akafika ku Lilongwe, tchuthi chonse chinkathera mu minibasi, lero ku Kawale kukasiya nsapato, mawa ku Mponela kukasiya foni, mkuja kudikira munthu pa depoti amene sakubwera. Masiku otsalawo amalume ankawakokera kukaona nyumba imene akhala akumanga. Ankabwerako atatopa kuposa mmene anapitira.

Amalume anagonja msanga, mwina msanga kwambiri. Anati chabwino, chilumba, ndipo chilumba chake ndi Zanzibar. Azakhali anati china chilichonse kupatula chimenecho. Anakangana mpaka tiyi anazizira. Kenaka amalume ananditembenukira.

"Nayu katswiri wa mapu ali phee apayu. Iwe mwana wa achemwali, utisankhire ndiwe. Chimene unene, tibukitsa chomwecho."

"Wamva mwanawe?" azakhali anaonjezera. "Takupatsa masabata awiri. Usaope munthu."

Ine ndinkaopa aliyense. Ndinakula ndikudziwa kuti wamkulu akalankhula yankho ndi limodzi, ndipo ndinalipereka: "Chabwino."

Mawa lake amalume anandipeza ndikutsuka mbale. Anatseka chitseko cha kukhitchini mwakachetechete.

"Zanzibar ndi pakhomo penipeni pa kwathu," ananong'ona. "Tikagona pamchenga masiku awiri, kenaka tingodumphira ku Lilongwe, tikaone denga. Azakhali ako akakondwa akaliona. Waganizapo?"

"Chabwino amalume."

Tsiku lotsatira azakhali anandiperekeza kokwerera basi.

"Mwanawe, ine za mitengo ya kokonati ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna malo oti ndikadzuka m'mawa pasakhale munthu wondidikira. Wandimva?"

"Chabwino azakhali."

Ndinali nditavomera zinthu ziwiri zosemphana, ndipo mumtima ndinkangoyembekeza kuti mwina zidzagwirizana zokha.

Vuto linakula Lamulungu lotsatira. Tikumwa tiyi mapemphero atatha, amalume anauza anzawo awiri okha kuti akuganiza za Zanzibar. Pofika Lachiwiri belu la pakhomo linayamba kulira. Sabata imeneyo ndinkagwira shifiti ya m'mawa, choncho masana m'nyumba ndinkakhala ndine ndekha wotsegula chitseko.

Oyamba anali amayi otsogolera kwaya, ochokera ku Aston, dera lina la Birmingham momwemu, atanyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere.

"Ndamva kuti akupita cha kwathu konko. Kabulangete aka ndi ka mayi anga ku Zomba. N'kopepuka."

"Amayi, sanatsimikize, komanso Zanzibar ili ku..."

"Ndi njira yomweyo, mwanangu. Ikani pabwino."

"Chabwino amayi."

Kabulangeteko kanali ndi ketulo ya magetsi mkati mwake. Pambuyo pawo panabwera abambo ena a ku Zambia okhala ku Whitmore Reans, mumzinda wa Wolverhampton, amene anakwera sitima kuchokera kumeneko ndi nsapato za mpira zoti zikafike ku Chipata. Anati zikangofika pa Mchinji, mlamu wawo adzazitenga panjinga. Panabwera mawigi atatu, mafoni awiri, suti ya ukwati, ndi chopukusira zipatso chopanda bokosi. Aliyense ankanena mawu omwewo, kuti ndi njira yomweyo, ndipo aliyense ndinkamuyankha chimodzimodzi. Katunduyo ndinkamulowetsa pansi pa bedi langa. Pansi patadzaza ndinayamba kuika mu wodiropu, zovala zanga ndikuzipachika kuseri kwa chitseko.

Loweruka azakhali analowa m'chipinda changa kudzafuna ayironi. Anatsegula wodiropu, wigi imodzi n'kuwagwera paphewa. Anawerama, nasuzumira pansi pa bedi. Anayamba kuseka, kuseka mpaka anakhala pansi. Kenaka anasiya. Anatenga wigi ija n'kumaisalaza ndi dzanja.

"Tikiti sitinagule n'komwe," anatero motsitsa mawu, "koma ntchito ndayamba kale."

Sanandikalipire. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Ndinaona mapazi awo aja, ndipo ndinazindikira kuti ndikapitiriza kuvomera aliyense, amene ati alipire ndi iwowa.

Madzulo omwewo ndinabwereka buku la mapu la mwana wawo uja, mapu athunthu, opanda chiswe. Ndinalemba papepala zilumba zonse zofunda zimene ndinazipeza. Mwanayo anandionetsa zithunzi pafoni, koma sizinandithandize. Paliponse mchenga woyera, madzi obiriwira, ndi munthu wagona pakama wa chingwe. Ndinaganiza kuti funso lenileni silili pa mchenga ayi. Funso ndi lakuti, kodi ndi chilumba chiti chimene munthu wa mumpingo mwathu alibeko m'bale?

Lamulungu ndinadzipereka kugawa tiyi, ntchito yokhayo imene inkandipatsa mpata wolankhula ndi aliyense popanda kumuyang'ana kumaso. Pepala ndinalibisa pansi pa thireyi.

"Shuga zingati amayi? Kodi ku Mauritius mumadziwako munthu?"

"Eee, mwana wa achimwene anga akuphunzira komweko! Bwanji, akupita kumeneko? Ndili ndi kajuzi kake."

"Ayi, ndimangofunsa."

Ndinakhwatcha Mauritius. Ku Seychelles kunapezeka mlamu wa munthu wina, mphunzitsi. Ku Madagascar kunali abusa odziwana ndi abusa athu. Jamaica sindinafunse n'komwe, chifukwa theka la msewu wathu ku Handsworth kwawo ndi komweko. Ndinadabwa kuti Amalawi tinamwazika chonchi, ngati nthangala za bonongwe. Pepala linatsala ndi dzina limodzi pansi penipeni. Ndinalifunsa kwa amayi a kwaya aja, amene amadziwa munthu kulikonse.

"Nanga ku Saint Lucia?"

Anakwinya nkhope. "Si sukulu ya masisitere imeneyo? Ili cha ku Dedza eti?"

Ndinafunsa anthu ena asanu. Wina anati ndi chipatala, wina anati ndi kwaya ya Akatolika. Apa ndinadziwa kuti chilumba chija ndachipeza.

Titafika kunyumba ndinadikira amalume adye kaye. Kenaka ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, monga timachitira kwathu, buku la mapu lili m'manja.

"Amalume, ndasankha."

"Nena, katswiri."

Ndinaloza kadontho kakang'ono kumanzere kwa tsamba, kutsidya la nyanja yaikulu. Amalume anavala magalasi. Anaika chala chimodzi pakadonthoko, china pa Malawi, ndipo manja awo anatambasuka mpaka buku lonse.

"Kuchoka apa kukafika ku Lilongwe ndi maola angati?"

"Ndi kutali kuposa kuchokera kuno, amalume."

"Ndiye kuti kudumphira kumudzi..."

"Sikungatheke, amalume."

Mwana uja ananena kanthu m'Chingerezi kotanthauza kuti bambo ake agwa nayo, azakhali n'kumutsina. Amalume anavula magalasi, nayang'ana akazi awo kwa kanthawi, kenaka mapazi aja pampando.

"Mwana wa achemwali wandigulitsa," anatero. "Chabwino. Denga lidikira. Si ladikira kale zaka zonsezi?"

Azakhali anangodzuka n'kukandiphikira tiyi, ine mwana, n'kundibweretsera pomwe ndinagwada paja.

Koma panatsala katundu wa pansi pa bedi. Azakhali anati amene analandira ndi amene abweze. Tsiku langa lopuma ndinayamba ndi amayi a kwaya. M'basi yopita ku Aston ndinkayeserera mawu amodzi okha, chamumtima, chikwama cha mizeremizere chili pamiyendo.

"Mwabwera nako kabulangete? Chalakwika n'chiyani?"

"Sakupitanso ku Zanzibar, amayi. Akupita ku Saint Lucia."

"Kwa masisitere kuja? Ndiye bwino kwambiri, Dedza ndi Zomba..."

"Ndi chilumba, amayi. Chili kufupi ndi Amereka."

"Aaa, koma ndege zimenezi zimazungulira. Angodutsa nako."

Ndinayang'ana pansi, pa kapeti wawo wofiira, ndipo ndinanena.

"Ayi amayi. Si njira yake."

Ndinadikira kuti denga ligwe. Silinagwe. Amayiwo anati ndakula mwano kuyambira pamene ndinabwera ku Ulaya, kenaka anandipatsa mandasi awiri a m'njira. Pofika ku Whitmore Reans ndi nsapato za mpira zija, mawuwo ankatuluka mosavuta. Pomaliza sabata pansi pa bedi panali mbee, ndipo ine ndinkayenda ngati munthu amene wagula nsapato zatsopano. Ndinakana ngakhale shifiti yowonjezera kuntchito, abwana mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Tsiku la ulendo linafika mu Januwale, m'mawa wa chipale pamagalasi a magalimoto. Ine ndi mwana uja tinali otsala, iye chifukwa cha sukulu, ine chifukwa cha ntchito. Pakhonde panali masutikesi awiri okha, opepuka moti amalume ankangowanyamulanyamula ngati akukayika. Takisi isanafike, belu linalira.

Ndinatsegula ndine. Anali agogo aamuna a nyumba yoyandikana ndi yathu, amene tinkapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku potulutsa zinyalala. Tonse tinkangoganiza kuti kwawo ndi ku Jamaica, ndipo palibe anawafunsapo. Anavala chipewa ndi thayi. M'manja anali ndi kaphukusi kokutidwa ndi pepala lakhaki, komangidwa bwino ndi ulusi.

Analankhula m'Chingerezi chawo chokoma chija. Anati mwana wa amalume uja wawauza kumene makolo ake akupita. Anati iwo anabadwira komweko, ndipo mlongo wawo akadali moyo, amakhala pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja. Sanaonane kwa zaka zambiri. M'kaphukusimo munali zithunzi za zidzukulu ndi kachitini ka mabisiketi. Anati n'kopepuka.

Pakamwa panga panali patazolowera. Ndisanaganize n'komwe, mawu anatuluka, m'Chichewa chenicheni, kwa munthu wosamva Chichewa:

"Ayi agogo, si njira yake."

"Iwe!" azakhali anakuwa kumbuyo kwanga. "Njira yake ndi imeneyi kumene! Suntha apo."

Anandikankhira pambali, nalandira kaphukusiko ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Agogowo anavula chipewa. Chitseko chitatsekedwa, amalume anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Katswiri wa mapu! Wafufuza mpingo wonse, waiwala kuseri kwa mpanda!"

Ndinkafuna kulira. Ndinapepesa kwa azakhali kuti ntchito yonse ija yapita pachabe. Iwo anatembenuza kaphukusiko, nawerenga malangizo a njira amene agogo analemba kumbuyo, kenaka anakaika m'manja mwa amalume.

"Abambo, inu si mumadwala mukakhala opanda kopita? Nayi ntchito yanu."

Patapita masiku atatu, ndili pa nthawi yopuma kuntchito, mvula ikuwomba pawindo, foni yanga inalira. Zinali zithunzi ziwiri. Choyamba anajambula ndi amalume eni ake: thukuta lili kamukamu, ali pamwamba pa phiri, pambali pawo gogo wamkazi akuseka atakumbatira kachitini ka mabisiketi. Kumbuyo kwawo kunkaoneka nyumba, ndipo pansi pa chithunzicho amalume analemba kuti denga lake analiyendera, malata ake ndi abwino, akufuna otero kumudzi.

Chachiwiri chinali cha azakhali. Anagona pamchenga pansi pa mtengo, chitenje chitaphimba kumaso, mapazi ali panja. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndiwaone bwino mapaziwo. Anali ataphwa.